Foda imene ndinaiona ndili pa benchi ya mamembala

Mu February 2024, a Chakwera atauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ma pasipoti ku Immigration alowedwa ndi akuba a pa intaneti ndipo akufuna dipo, foni yanga inayamba kulira kuposa masiku onse. Anthu amene kale ndikawauza za security amangoti tiona bajeti ikatuluka, anayamba kundisaka okha. Mmodzi mwa iwo anali wapampando wa board ya SACCO ina. Sindiitchula dzina, ngakhale boma limene ili sinditchula, chifukwa zina zimene ndinapeza kumeneko mpaka lero sizinathe kukonzedwa.

Anangoti, "Achimwene, ife tikungofuna mutiuze, tili bwino kapena ayi? Mamembala akufunsa."

Ntchito yanga ndi imeneyo, kufufuza mabowo m'makompyuta ndi ma netiweki a anthu akuba asanawapeze, kenako kuuza eni ake kuti bowo ili likupwetekani mawa, ili likhoza kudikira. Mbali yoyambayo, yopeza, masiku ano mnyamata aliyense amene waika Kali Linux, dongosolo la kompyuta lobwera ndi zida zofufuzira mabowo, pa laputopu n'kuonera ma video angapo pa YouTube akhoza kuyamba. Mbali yachiwiri ndi imene imavuta, yoyeza kuti chimene wapezacho chikutanthauza chani kwa anthu enieni, ndipo ndi ku SACCO kuja kumene nkhaniyi inandilowa mpaka m'mafupa.

## Kalata kaye, laputopu pambuyo

Ndisanalumikize chingwe chilichonse ndinawapempha kalata yosainidwa ndi wapampando komanso manejala. Iwo anadabwa, akuti si takuitanani ndife, kalata ndi ya chaninso. Koma lamulo lathu la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mawu a pa foni si chilolezo tsiku limene zinthu zavuta. Ku America, mu September 2019, anthu awiri a kampani ya Coalfire, Gary DeMercurio ndi Justin Wynn, anamangidwa ali mkati moyesa chitetezo cha nyumba ya khoti ku Dallas County m'chigawo cha Iowa. Anali ndi kontrakiti yochokera ku akuluakulu a makhoti a chigawocho, kalata ili m'thumba, koma sherifi wa kumeneko anati nyumbayo ndi ya county ndiye amene anawatumawo analibe mphamvu yowatuma. Anagona mu selo, ndipo milandu inadzachotsedwa mu January 2020. Ngati anthu a kalata zinawachitikira choncho, kuli bwanji iwe wongouzidwa pakamwa.

Ndiye mu kalata muja tinalembamo zonse: makina ati ndikhudze, nthawi yanji, nambala ya munthu woimbira china chikazima. Tinalembamonso zimene sindikhudza. Mwachitsanzo kulumikizana kwawo ndi makampani a mobile money, mbali ya uko si ya SACCO, iwo sangandipatse chilolezo pa katundu amene si wawo. WiFi ya alendo ndinaumirira kuti ilowe mu kalata, manejala anati imeneyo ndi ya WhatsApp chabe palibe chilipo, koma anavomera.

## Zimene makina anandiuza

Ndinayamba monga mwa nthawi zonse. Nmap, pulogalamu imene Gordon Lyon anaitulutsa mu 1997 ndipo mpaka lero tonse timadalira, imagogoda pa makina aliwonse pa netiweki n'kukuuza kuti ndi ma port ati, kapena kuti makomo olowera pa makinawo, ali otsegula komanso kuseri kwake kukuyankha chani. Kenako OpenVAS, imene imatenga zimene zayankhazo n'kuzifanizira ndi mndandanda wa mabowo odziwika kale. Bowo lililonse lodziwika limakhala ndi nambala yake ya CVE, kaundula amene bungwe la MITRE linayambitsa mu 1999, ndipo limapatsidwa malikisi a CVSS kuyambira 0 mpaka 10. Kuyambira 9 kupita m'mwamba ndiye critical, lipoti limazipaka zofiira.

Lipoti limene linatuluka linali lonenepa, masamba ambirimbiri, zofiira zili mbwee pamwamba. Munthu ukapereka limeneli kwa board amaona kuti ndalama zawo zagwira ntchito. Koma nditayamba kuzitsata chimodzichimodzi, zofiira zambiri zinali pa kompyuta ina yakale imene inali ku stores, yongolembera ma lebulo, mulibe kanthu kena. Zina zinali zabodza ndithu, scanner, pulogalamu yofufuza mabowo ija, imangowerenga nambala ya version imene pulogalamu yanena n'kuganiza kuti bowo lilipo pamene linatsekedwa kale mwa njira ina. N'chifukwa chake chilichonse umayenera kuchitsimikizira ndi manja ako, usanakaopseze anthu.

Malikisi a CVSS aja si olakwika ayi, amanena zoona za bowolo palokha, kuti ndi losavuta bwanji kuligwiritsa ntchito ndipo likhoza kuononga zochuluka bwanji. Chimene sadziwa ndi ofesi yako. Sadziwa kuti kompyuta iyi ili ku stores, iyo ili ndi ngongole za aphunzitsi a boma lonse. Sadziwa kuti ndani angafike pamenepo, atakhala pati.

## Pa benchi

Linali tsiku la kumapeto kwa mwezi, ofesi itadzaza. Manejala anali mu meeting ndiye anandiuza kuti ndidikire ku reception, ndinakhala pa benchi limodzi ndi mamembala, aphunzitsi, anamwino, amayi a geni ndi timabuku tawo. Pa khoma, pafupi ndi kalendala, panali pepala lolembedwa ndi marker, dzina la WiFi ndi pasiwedi yake. Anaika mwa chifundo ndithu, kuti anthu akamadikira pa mzere asamathe bandulo yawo.

Poti WiFi ija inali mu kalata, ndinati nthawi isapite pachabe, ndinatsegula laputopu pa miyendo n'kulumikiza. Ndimayembekezera kuona intaneti basi. Koma zonse zinabwera, seva, kompyuta yaikulu yosunga ma akaunti, makompyuta a ma teller, printer, kabokosi kojambulira makamera a CCTV, zonse pa netiweki imodzi ndi foni ya aliyense amene wakhala pa benchi paja. Pa seva panali foda yogawana yotchedwa SCANS. Ndinaidina. Sinafunse dzina, sinafunse pasiwedi, inangotseguka.

Munali mafayilo a zaka zambiri, oikidwa bwinobwino mwezi ndi mwezi. Mayina a mafayilo okha amanena zonse: chiphaso cha unzika cha uje, fomu ya ngongole ya uje, payslip, kalata ya mboni. Ndinatsegula imodzi yokha yakale kuti nditsimikize kuti si mayina chabe, ndipo zinalidi zenizeni, chiphaso mbali zonse ziwiri, nambala ya foni, siginecha, dzina la wachibale woimbira zikavuta, ndalama imene munthu amalandira ndi imene akudulidwa.

Pambali panga panali mayi ena achikulire, chitenje chawo chaudongo, atagwira fomu ndi chiphaso chawo mu kapepala ka pulasitiki. Anandiona ndi laputopu n'kuganiza kuti ndine wa mu ofesi momo.

"Mwanangu, tandithandizeni, apa akuti ndilembe chani?"

"Apo mayi akufuna dzina la munthu amene angakuimireni ngati mwalephera kubweza."

"Oo, ndiye ndilemba mwana wanga wamkazi, ndi amene ali pa ntchito."

Anandiuza kuti ngongoleyo akufuna awonjezere mpamba wa geni yawo ya usipa komanso fizi ya mdzukulu amene wasankhidwa kupita ku sekondale. Analemba pang'onopang'ono, ndinawasonyeza posainira, anathokoza, dzina lawo litaitanidwa anapita pa kauntala. Ndinaona mtsikana wa pa kauntala akulandira chiphaso chija, n'kupita nacho pa printer, kuika pa galasi, kudina batani.

Pa sikirini yanga, pamwamba pa foda ija, panatulukira fayilo yatsopano. Dzina la mayi aja.

Sindinaitsegule. Ndinakhala ndikuyang'ana dzinalo, kenako ndinayang'ana anthu a pa benchi, pafupifupi aliyense mutu uli pa foni, ena mwa iwo ali pa WiFi yomweyo. Ndinaganizanso za anyamata amene amakhala panja pa mpanda pafupi ndi ogulitsa ma units, poti WiFi siithera pa chitseko, ndipo pasiwedi ya pa khoma ija inali isanasinthidwepo chiikireni. Aliyense amene anabwerapo mu ofesi muja kamodzi, foni yake imaikumbukira. Mayi aja anatuluka akupinda risiti yawo, anandiweyulira dzanja, "Zikomo mwanangu, zatheka." Ndinayankha kuti pitani bwino mayi, koma mtima unali utandithawa.

Nditabwerera ku lipoti lonenepa lija ndinaifufuza foda imeneyi. Inalimo, scanner inaiona, koma inali kutali m'munsi, yopanda utoto wofiira, pansi pa zonse za kompyuta ya ku stores ija. Munthu wowerenga kuyambira pamwamba akanatopa asanafikepo.

## Chiphaso chimodzi chimatsegula zingati

Wina akhoza kunena kuti ndi mapepala chabe, ndalama sizinakhudzidwe. Koma taganizani mmene dziko lathu layendera chibwerereni ziphaso za unzika mu 2017. SIM card umalembetsa ndi chiphaso, akaunti ya ku banki chiphaso, mobile money chiphaso, feteleza wotsika mtengo chiphaso. Munthu amene ali ndi chithunzi cha chiphaso chako mbali zonse, nambala yako ya foni ndi siginecha yako ali ndi zambiri zimene amafunsa pofuna kutsimikiza kuti iwe ndi iwe.

Ndipo sakufunikanso kupita kutali choncho. Tonse timawadziwa ma message aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ambiri tinazolowera, timangofufuta. Koma tayerekezani mayi aja alandira foni mawa lake, munthu waulemu akuwatchula dzina lonse, akuti ndikuimba kuchokera ku SACCO, ngongole yanu ya ndalama zakuti imene munasainira dzulo yavomerezedwa, mboni yanu ndi mwana wanu uje eti, chatsala ndi processing fee mutumize pa nambala iyi. Angakaikire pati? Zonse zimene wanenazo ndi zoona kupatula chomalizacho. Ndalama ya usipa ipita, ndipo iwo adzadziimba mlandu okha kuti ndinapusa, osadziwa kuti nkhani inayambira pa foda imene sanaionepo.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe munthu woipa pa nkhani yonseyi. Printer ija itagulidwa imakanika kutumiza ma scan ku seva, amene anabwera kudzaiika anachotsa pasiwedi pa foda kuti ntchito iyende, inayendadi, aliyense anasangalala. WiFi ya alendo anailumikiza pa switch imene inali pafupi, kabokosi kolumikiza zingwe za makompyuta a mu ofesi. Chilichonse pachokha chinali chaching'ono, ndipo munthu aliyense anachita chimene chimaoneka chothandiza tsiku limenelo. Zitalumikizana ndi pamene zinapanga msewu wochokera pa benchi mpaka pa chiphaso cha mayi aja, ndipo msewu umenewo palibe scanner imene imaujambula, umafunika munthu akhale pansi aulondole.

## Rauta imene aliyense anaiiwala

Nditaona zimenezi ndinasiya kutsata lipoti kuchokera pamwamba, ndinayamba kufunsa kuti munthu wakunja angayambire pati. Ndi mmene ndinafikira pa rauta, kabokosi kolumikiza netiweki ya ofesi ndi intaneti.

Inali MikroTik, ngati mmene zilili m'maofesi ambiri kuno, ndi zotsika mtengo komanso zolimba ndiye timazikonda. Inaikidwa ndi kontrakitala wina kalekale, ili pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha, ikugwira ntchito bwinobwino ndiye palibe amene anaiganizirapo. Winbox, khomo limene timalowera pokonza rauta zimenezi pa port 8291, inali yotsegukira ku intaneti yonse, mwina kuti kontrakitala uja azitha kukonza ali kwawo. Ndipo RouterOS yake, pulogalamu imene imayendetsa rautayo, inali ya kale kuposa April 2018.

Amene amagwira ntchito ndi MikroTik akudziwa chifukwa chake mwezi umenewo ndautchula. Ndi pamene kampaniyo inatseka bowo la CVE-2018-14847, limene limalola munthu wopanda pasiwedi kuwerenga mafayilo a mu rauta kudzera pa Winbox, kuphatikizapo fayilo yosunga mayina ndi ma pasiwedi a ma admin. Chaka chomwecho ma rauta oposa 200,000, kuyambira ku Brazil, anapezeka atalowetsedwa kapulogalamu ka Coinhive kokumbira ndalama za crypto pogwiritsa ntchito makompyuta a anthu odutsa pa rautapo. Ndipo mu 2021, botnet ya Mēris, gulu la makina ogwidwa ndi akuba n'kumawalamulira ali kutali, itayamba kugwetsa ma website akuluakulu, a MikroTik anafotokoza kuti ma rauta ambiri amene amagwiritsidwa ntchito anali omwe aja analowedwa mu 2018, eni ake ena anapanga update koma pasiwedi osasintha, ndiye akuba anangopitiriza kulowa ndi kiyi amene anatenga kale. Mfundo imeneyi ndimaibwereza kulikonse kumene ndapita, kutseka bowo sikuchotsa munthu amene analowa kale.

Kabokosi ka CCTV nako kanali ndi pasiwedi imene kanabwera nayo kuchokera ku fakitale. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai, mu 2016, inagwira makamera ndi timabokosi totere masauzande ambirimbiri pongoyesa mayina ndi ma pasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 basi, ndipo mu October chaka chimenecho inagwetsa kampani ya Dyn, imene imathandiza anthu kufika pa ma website ambiri, mpaka Twitter ndi Netflix zinavuta kufikika ku America. Mtundu wina wa Mirai womwewo unagwiritsidwa ntchito pomenya kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo Daniel Kaye, mzungu wa ku Britain amene anachita zimenezo, anagamulidwa kukakhala ku ndende mu 2019.

Ndimatchula zimenezi chifukwa funso limene ndimalandira kulikonse ndi lakuti, ife ndife ochepa, angatifune ndani kuno ku Malawi? Palibe amene amakhala pansi n'kusankha SACCO yanu pa mapu. Ndi mapulogalamu amene amagogoda pa adiresi iliyonse ya pa intaneti usana ndi usiku, sadziwa n'komwe kuti Malawi ili kuti, akapeza potseguka amalowa. Pali ngakhale website ya Shodan, ya John Matherly, imene kuyambira 2009 imasonkhanitsa makina otseguka a dziko lonse, munthu amangolemba dzina la dziko ndi mtundu wa rauta n'kuona mndandanda. Bank of Zambia inagwidwa ndi ransomware ya gulu la Hive, pulogalamu yomanga mafayilo n'kufuna dipo, mu May 2022. Transnet, kampani yoyendetsa madoko ndi njanji ku South Africa, inalowedwa mu July 2021, mpaka ntchito pa doko la Durban inasokonekera, doko limene katundu wathu wina amadzera. Si nkhani ya kutali.

## Mu board room

Tsiku lopereka zotsatira, lipoti lonenepa lija ndinaliika kumapeto ngati zowonjezera. Patsogolo ndinaika masamba ochepa, ndipo tsamba loyamba linali nkhani ya msewu uja, kuchokera pa pepala la pa khoma, kudutsa pa WiFi, kufika pa foda. Ndinaikapo chithunzi cha mndandanda wa mafayilo, mayina onse nditawaphimba. Chilichonse chimene ndinalemba ndinachiyeza ndi mafunso omwewo amene anandibwerera pa benchi paja, kuti ndani angafikepo, akafika apeza chani, ndipo amene alire ndi ndani. Kenako ndi pamene ndimaonjezera zoti kodi bowolo akuba akuligwiritsa kale ntchito kwina, poti bungwe la CISA ku America kuyambira November 2021 limasunga mndandanda wa mabowo amene atsimikizika kuti akugwiritsidwadi ntchito, ndipo bowo likakhala mmenemo sindilola kuti lidikire.

Msungichuma wa board anali woyamba kuyankha. "Koma achimwene, chaka chatha tinalipira antivirus ya makompyuta onse, ndalama zambiri ndithu. Ndiye inagwira ntchito yanji?"

"Bwana, antivirus ija ndi mlonda amene mwamuika pa geti, ndipo akugwira ntchito yake. Koma mpanda wa kuseri ndi wogumuka, munthu akulowa osadutsa pa geti n'komwe."

Kenako chipinda chonse chinatembenukira kwa mnyamata wa IT. Ndi mmodzi yekha pa SACCO yonse ndi nthambi zake, ndi yemwe amasintha toner, kukonza foni ya manejala, kuthamangira jenereta magetsi akazima. Anali atakhala pa kona manja ali pakati pa miyendo, ndipo ndinaona kuti akudziwa kuti nkhani ikupita kwa iye. Mmodzi wa a board anafunsa mosabisa kuti ndiye ameneyu timamulipira chifukwa chani.

Apa ndinalankhula mwamphamvu kuposa mmene ndimalankhulira kwa anthu amene akundilipira. Pa nthawi imene ndimagwira naye ntchito anandionetsa ma memo amene analemba kupempha switch yoti athe kugawa netiweki, kupempha kuti seva isinthidwe, onse anayankhidwa kuti bajeti palibe. Pasiwedi ya rauta sanapatsidwepo, inapita ndi kontrakitala. Ndinawauza kuti mukamuchotsa mnyamatayu mutaya munthu yekhayo amene akudziwa kumene chingwe chilichonse chikupita, ndipo amene abwere pambuyo pake adzaphunzira chinthu chimodzi, kuti mavuto amabisa. Ndinawapatsa chitsanzo cha Equifax, kampani yaikulu ya ku America yokhala ndi gulu lonse la akatswiri a security. Bowo la mu pulogalamu ya Apache Struts, imene iwo amagwiritsa ntchito, linalengezedwa mu March 2017 pamodzi ndi mankhwala ake, iwo anatumiza uthenga kuti anthu apange update, anapanganso scan koma scan ija sinaone seva imene inali ndi vutolo. Kuyambira May mpaka July akuba anali mkati, ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zinapita. Ngati kumeneko zinadutsa, si mnyamata mmodzi wopanda bajeti amene angasenze zonse yekha.

Ndinawakumbutsanso kuti Data Protection Act ya 2024 inaika udindo wosamala zinsinsi za anthu pa bungwe limene lazitolera, ndipo MACRA ndi imene ikuyang'anira. Ziphaso zili mu foda ija si za SACCO, ndi za mamembala, anangowasungitsa. Wapampando anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mnyamata uja kuti, "Iwe, pa zimene achimwenewa anenazi, ndi ziti tingakonze lero lomwe?" Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti wina amufunse maganizo, ndipo anayankha bwino kwambiri, mndandanda anali nawo kale m'mutu.

## Zimene zinatheka

Zambiri zoopsa sizinafune ndalama. Madzulo omwewo ofesi itatsekedwa tinakhala awiri, tinachotsa WiFi ya alendo pa netiweki ya ofesi n'kuipatsa njira yakeyake yongopita ku intaneti, rauta yomwe ija imatha kuchita zimenezo. Foda ya SCANS tinaiikira akaunti, printer imatha kuikamo mafayilo koma owerenga ndi okhawo a ku ngongole. Rauta tinaifufutiratu n'kuiyambanso ndi RouterOS yatsopano, ma pasiwedi onse atsopano, Winbox yotsekedwa kunja. Kabokosi ka makamera chimodzimodzi.

Backup, kope la mafayilo losungidwa padera, ndi imene inatitengera kukambirana. Anali nayo, hard drive yolumikizidwa ku seva nthawi zonse, ndipo amanyadira kuti imakopera yokha usiku uliwonse. Vuto ndi lakuti ransomware ikalowa mu seva imamanga chilichonse chimene seva ikuona, drive ija pamodzi. Panopa ali ndi ma drive awiri osinthana, imodzi imakhala mu sefa yosalumikizidwa ku chilichonse, ndipo tinayesa kubwezeretsa mafayilo kuchokera pa iyo kuti tione ngati zikutheka, poti backup imene sinayesedwepo ine sindiiwerengera.

Patapita nthawi ndinabwerera kukayesanso, chinthu chimene mabungwe ambiri amakana kulipira chifukwa amaona ngati ntchito inatha tsiku la lipoti. Ndinapeza kuti zambiri zagwira, koma ku nthambi ina munthu wina anali atagula ka rauta kakang'ono ka WiFi mu shopu n'kukalumikiza pa netiweki ya ofesi chifukwa signal simafika ku chipinda chake. Msewu uja unali utatsegukanso, mbali ina. Mnyamata wa IT panopa amapanga scan yekha mwezi ndi mwezi n'kufanizira ndi mndandanda wa makina amene akuwadziwa, chachilendo chikaoneka amachisaka.

## Seva ija

Chimene chatsala ndi seva yeniyeniyo. Ikuyenda pa Windows Server 2008 R2, imene Microsoft inasiya kuitumizira ma update a chitetezo pa 14 January 2020, tsiku limodzi ndi Windows 7. Inali ndi SMB yakale yoyatsa, imene Windows imagawanira mafayilo pa netiweki, njira yomwe ransomware ya WannaCry inadzera pa 12 May 2017 pamene inamanga makompyuta m'maiko oposa 150 n'kusokoneza zipatala za NHS ku Britain, ngakhale mankhwala ake a MS17-010 anali atatuluka mu March chaka chomwecho. Mankhwala amenewo tinaika, SMB yakale tinazimitsa printer itapezeredwa njira ina. Koma mabowo ena onse amene apezeka mu Windows imeneyo kuchokera 2020 alibe mankhwala kwa iwo.

Kuisintha si nkhani yongogula bokosi latsopano. Pulogalamu imene imasunga ma akaunti a mamembala ndi yakale, pa Windows yatsopano siyenda, ndipo amene anaipanga akufuna malipiro a version yatsopano mu ma dollar. Aliyense amene wayesapo kupeza forex ku banki zaka zino akudziwa kuti pempho limatha miyezi lili pa mzere, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo umene board inauona poyamba unasintha kwambiri. Sindingawanene kuti ndi osasamala, ndalama zimenezo ndi masheya a aphunzitsi ndi amayi a geni omwe aja, ndipo kuzitulutsa kumafuna chilolezo cha mamembala.

Ndiye chimene tinachita ndi kuitsekera pakona. Seva ija panopa siiona intaneti, ndipo imalankhula ndi makina okhawo amene akuifunadi, monga makompyuta a ma teller, pa ma port ofunikira basi. Mu lipoti ndinalemba momveka kuti uku ndi kuchepetsa ngozi, bowo likadalipo, ndipo ndinapempha wapampando asaine kuti board yauzidwa ndipo yasankha kudikira mpaka tsiku lakuti. Anasaina, ndipo nkhani yogula pulogalamu yatsopano inalowa pa ajenda ya AGM.

Pamene tikudikira zimenezo, makompyuta a ma teller aja ali pa Windows 10, imene nayo Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, ndipo angapo mwa iwo ndi akale moti Windows 11 sangailandire. Mnyamata wa IT walemba kale memo ina, ulendo uno ndi mitengo yake komanso mndandanda wa makina oyambira kusintha, ndipo ine ndalemba kalata yanga yoikira kumbuyo memo imeneyo kuti zikafike pa tebulo la board limodzi.